Nsalu imene nkhwangwa ingaiope

Kumpoto kwa dziko la Thailand kuli mitengo imene imavala mikanjo. Ansembe a chipembedzo cha Chibuda, amene amatchedwa amonke, amalowa m'nkhalango pamodzi ndi anthu a m'mudzi, n'kusankha mtengo waukulu kuposa inzake. Akatha kupemphera amaukulunga ndi nsalu yachikasu yonga imene iwo eni amavala. Mwambowu amautcha kudzoza mtengo. Kuchokera tsiku limenelo, aliyense wobwera ndi nkhwangwa kapena sowo amayamba waima kaye, chifukwa m'dziko limenelo munthu wovala mkanjo wotere sakhudzidwa. Kudula mtengo wovekedwawo kumaoneka ngati kutukula dzanja pa wansembe.

Amonkewo akudziwa bwino lomwe kuti mtengo sungakhale wansembe, ndipo mawu amene amanena pamwambowo si amene amanena podzoza munthu. Amene amatchulidwa kuti anayambitsa zimenezi ndi Phrakhru Manas Natheepitak wa m'chigawo cha Phayao, m'chaka cha 1988, ataona kuti makampani ocheka matabwa akumaliza nkhalango ndipo mitsinje ikuuma. Mu Novembala chaka chomwecho, kummwera kwa dzikolo kunagwa chimvula chimene chinagumula mapiri ometedwa. Matope anatsika ndi zipika zimene zinali zitadulidwa kale, n'kukwirira midzi, anthu mazanamazana n'kufa. Mu Januwale 1989 boma la Thailand linaletsa makampani kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe.

Wina afunsa kuti, aphunzitsi, za Abuda zatani pa tsamba lino? Kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi mungayende kuchokera ku Mvera mpaka ku Malomo osakumana ndi Mbuda ngakhale mmodzi. Ife timadziwa Nkhoma Sinodi, Katolika, Angilikani, mzikiti, ndi gule. N'zoona. Komabe Abuda m'Malawi muno alimo. Ku Blantyre kuli malo olererako ana amasiye a Amitofo Care Centre, amene anayambitsa ndi mmonke wa ku Taiwan dzina lake Hui Li. Pamene boma lathu linathetsa ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China, nkhani imene inalengezedwa mu Januwale 2008, akazembe analongedza katundu koma amonke aja sanachoke. Palinso bungwe lachifundo la Tzu Chi, limene anayambitsa ndi mayi wina wachibuda, Cheng Yen, ku Taiwan komweko mu 1966. Namondwe wa Idai atasakaza mu 2019, anthu a bungweli anagawa thandizo kummwera kwa dziko lino, ndipo ku Mozambique anamanga nyumba ndi masukulu m'chigawo cha Sofala. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sindikuitanira aliyense ku chipembedzo cha eni ake. Ndikungofuna tibwereke kalumoko, tione ngati kangatimete.

Pakuti mapiri athu ameteka kale, koma ndi kalumo kena. Amene mumayenda pa msewu wochokera ku Mponela kupita ku Ntchisi, kapena wotsikira ku Dowa boma kudzera ku Dzaleka, mukudziwa zimene ndikunena. Zitunda zimene makolo athu ankazulako bowa ndi kutolako masuku lero ndi minda ya chimanga ndi soya mpaka pansonga. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi idakalipo, ndi mitengo yake italiitali imene dzuwa sililowa pansi pake, koma yatsala ngati chilumba. Mbiri imati m'zaka za m'ma 1800 Achewa ankathawira m'menemo pobisala nkhondo ya Angoni. Phiri linabisa makolo athu, lero ndi lomwe likusowa pobisala. Ku Kongwe nako malire a nkhalango akukwerabe chaka ndi chaka. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi, ndipo pafupifupi onsewa amaphikira nkhuni. Onjezanipo mphanda ndi mikangala ya zigafa za fodya, mauvuni a njerwa, ndi matumba a makala amene amapita ku Lilongwe panjinga m'bandakucha.

Apa ndiyankhule monga mphunzitsi, chifukwa nkhani ziwiri timazisakaniza. Kutentha kwa dziko lonse lapansi, kumene kwasokoneza mvula yathu, sikunayambike ndi mlimi wa kwa Msakambewa. Kunayambika ndi utsi wa mafakitale, magalimoto ndi malasha wa maiko olemera. Gawo la Malawi pa utsi umenewo n'lochepetsetsa. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 akanabwerabe ngakhale phiri lililonse likanakhala ndi mitengo. Koma chimene mvula imachita ikagwa chimadalira chimene yapeza pansi. Pa phiri la mitengo madzi amalowa m'nthaka pang'onopang'ono, n'kumatuluka m'akasupe mpaka mu Okutobala. Pa phiri lambee madzi amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi ndi miyala. Tinaona ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno ndi namondwe ameneyo. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chaka china madzi atikokolola, chinzake dzuwa litiwotcha. Za utsi wa ku Ulaya ndi ku America tilibe nazo mphamvu. Za mitu ya mitsinje ya Lingadzi ndi Kasangadzi, ndi timitsinje tothira mu Bua, zili m'manja mwathu.

Ndiye n'chifukwa chiyani zikutikanika? Umphawi ndi chifukwa chachikulu, sindikana. Koma pali chifukwa china chimene sitikonda kuchitchula pamisonkhano: mtengo kuno unalowa chipani.

Achikulire amakumbukira kuti m'nthawi ya Kamuzu kunali tsiku la dziko lonse lobzala mitengo mu Januwale, ndipo mlonda wa nkhalango ankaopedwa ngati wapolisi. Mitengo inkatetezeka, koma inkatetezeka ndi mantha, ndipo anthu ankaiona ngati katundu wa boma. Mantha aja atatha m'zaka za 1993 ndi 1994, ambiri anamva ngati demokalase ndiye chilolezo cholowa m'nkhalango. Phiri la Ndirande ku Blantyre, limene linali ndi mitengo ya paini yothithikana, linayera m'zaka zochepa chabe. Anthu sankadana ndi paini. Ankabwezera boma limene linawaopseza, ndipo mitengo ndiyo inali pafupi.

Kuchokera pamenepo matendawa sanatichoke. Ine ndamvapo ndi makutu anga, pa msonkhano wa kampeni m'dera lina kuno, munthu wofuna uphungu akuuza anthu kuti akamusankha palibe amene adzawathamangitse m'phiri. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kuluta nthungululu. Mnzake wopikisana naye, amene ankadziwa bwino kuti zimenezo n'zoononga, anangoti chete, pakuti wotchula za nkhalango chaka cha mavoti ndiye kuti wadzigwetsa yekha. Ndaonanso mbali inayo. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, kumabwera galimoto zambirimbiri, mlendo wolemekezeka amabzala kamtengo kamodzi atavala magolovesi, amayi ovala nsalu za chipani akuvina, wojambula akujambula. Galimoto zikachoka, mbande zija zimatchedwa dzina la chipanicho. A mbali inayo akaona mbuzi zikudya, sazithamangitsa. Mwina amangomwetulira. Pofika mu Juni pamatsala timapepala takuda ta machubu basi. Boma likasintha, monga linasinthira mu 2020 ndi mu 2025, komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi nayo imayamba kukayikiridwa kuti inali ya anthu aja, ndipo ntchito imayambanso pa ziro.

Sindikuloza chipani chimodzi. Onse amene alamulirapo achita zofanana, ndipo onse amene akhalapo kotsutsa apezerapo mwayi mofanana.

Tsono taganizani mmonke wa ku Thailand atafika ku Kongwe ndi mikanjo yake. Akamanga yachikasu, anthu adzati UDF yadzuka. Ikakhala yopita ku olenji, adzati ndi PP. Yabuluu sitinena n'komwe, ndiye DPP. Yofiira adzati UTM, yobiriwira yosakaniza ndi yakuda ndi yofiira adzati tambala wafika. Mitundu yonse ya utawaleza tinagawana. Mungaseke, koma funso langa lenileni lili pomwepo: kodi kuno kwathu kwatsala nsalu iti imene munthu wa chipani chilichonse angaione pa mtengo n'kutsitsa nkhwangwa?

Musaganize kuti ku Thailand kulibe ndale za mitundu. Kumeneko ndiye zinafika poipa kuposa kwathu. Asilikali atachotsa nduna yaikulu Thaksin Shinawatra mu 2006, dziko linagawika pakati pa a malaya achikasu, odana naye, ndi a malaya ofiira, omukonda, amene ambiri anali alimi a kumpoto. Mu 2010 anthu pafupifupi 90 anafa m'misewu ya Bangkok. Amonke ena anatengeka, n'kulowa mbali iyi kapena iyo. Koma mwambo wodzoza mitengo sunasanduke wa achikasu kapena wa ofiira. Mlimi wa malaya ofiira ndi mwini sitolo wa malaya achikasu onse anabadwa akuona agogo awo akugwadira mkanjo. Ulemu umenewo ndi wakale kuposa zipani zonse ziwiri, ndiye unatha kunyamula chimene lamulo la boma linkalephera kunyamula.

Chibuda ndi mitengo zinayamba kalekale kuyendera limodzi. Mbiri yawo imati Buddha anabadwira m'munda wa mitengo ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, anapeza kuunika atakhala pansi pa mtengo ku Bodh Gaya m'dziko la India, ndipo anamwalira atagona pakati pa mitengo iwiri. Mtengo wa ku Bodh Gaya uja ndi wa banja limodzi ndi kachere ndi mkuyu wathu, zimene zimandisangalatsa, pakuti ifenso nzeru timakazifuna pansi pa kachere. Lamulo loyamba la Mbuda aliyense ndi lakuti asachotse moyo, ndipo m'malamulo a amonke muli loletsa kuononga zomera. Dziko la Bhutan, limene anthu ake ambiri ndi Abuda, linalemba m'malamulo ake aakulu mu 2008 kuti magawo 60 mwa 100 a dziko azikhala nkhalango mpaka kalekale, kaya alamulire ndani.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri ndi momwe amafotokozera gwero la mavuto. Iwo amati pali poizoni wa mitundu itatu amene amadwalitsa munthu: dyera, chidani ndi umbuli. Ndipo amati poyamba umufufuze mwa iwe mwini. Zimenezi zimasintha kayankhulidwe konse pa nkhani ya zachilengedwe. Ife tikamakamba za makala timayamba ndi kufuna mdani. Mdani wosavuta kupeza ndi mnyamata wakuda bii ndi mwaye, wokankha njinga ya matumba atatu pa chitunda. Iyeyo ndiye amalandidwa njinga, iyeyo ndiye amajambulidwa atakhala pansi kupolisi. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, ndipo zinakhwimadi. Koma thumba lija limakathera kuti? Limakathera m'khitchini ya mu Area 25, ya ku Kawale, ngakhale ya mu Area 47 magetsi akazima. Limakathera m'nyumba za aphunzitsi, pamodzi ndi yanga. Mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Abuda amaphunzitsa kuti palibe chinthu chimene chimaima pachokha, chilichonse chimakhalapo chifukwa cha zinzake. Wootcha, wonyamula, wolandira kangachepe pa rodibuloko, wogula, ndi amene analephera kufikitsa magetsi otsika mtengo, tonse tagwira chingwe chimodzi. Ukayamba ndi mawu oti tonse, munthu wa mbali inayo amakhala pansi n'kumvetsera. Ukayamba ndi mawu oti inu, amayamba kufunafuna mwala.

Mmonke wina wa ku Vietnam, Thich Nhat Hanh, amene anamwalira mu Januwale 2022, anayesa zimenezi pamalo ovuta kuposa athu. Nkhondo ili mkati m'dziko lake, iye anakana kukhala mbali ya achikomyunizimu kapena mbali yothandizidwa ndi America. Iye ndi ophunzira ake ankamanganso midzi yophulitsidwa, osafunsa kuti bomba linali la ndani. Mbali zonse ziwiri zinamuda, ndipo kuyambira 1966 anakhala kunja kwa dziko lake zaka 39. Chiphunzitso chake chachikulu chinali cha kumvetsera: kumusiya mdani wako alankhule mpaka amalize, iwe osakonzekera yankho m'mutu. Mayi Christiana Figueres a ku Costa Rica, amene anatsogolera zokambirana za United Nations mpaka maiko pafupifupi 200 anagwirizana pangano la zanyengo ku Paris mu Disembala 2015, ananena poyera kuti chiphunzitso cha mmonke ameneyu ndicho chinawalimbitsa pa ntchitoyo. M'chipinda chimodzi munali maiko ogulitsa mafuta ndi maiko a pazilumba zimene zikumira. Chaka chomwecho, msonkhano usanayambe, atsogoleri a Chibuda kuphatikizapo Dalai Lama anasainira kalata yopempha maiko kuti asiye kudalira mafuta ndi malasha.

Pangano la ku Paris lomwelo laonetsanso zimene ndale za magawano zimachita. America inatulukamo pansi pa Donald Trump, inabwereramo mu 2021 pansi pa Joe Biden, ndipo mu Januwale 2025 Trump anasainanso zotuluka. Ndi nkhani ya mbande ndi mbuzi yomwe ija, kungoti mbuzi zake n'zazikulu.

Pano ndichenjeze, chifukwa alipo amene amamva mawu oti kusatenga mbali n'kuganiza kuti ndiye kukhala chete. Amonke a nkhalango sanakhale chete, ndipo ena analipira mtengo wowawa. Phra Prajak Khuttajitto wa m'chigawo cha Buriram anaveka mikanjo mitengo ya m'nkhalango ya Dong Yai pokana ndondomeko yochirikizidwa ndi asilikali, yosamutsa alimi kuti pabzalidwe bulugamu wa malonda. Anamangidwa mu 1991, milandu inamuchulukira, ndipo patapita zaka zochepa anavula mkanjo. Mnzake wina, Phra Supoj Suvacano, amene ankateteza malo a nkhalango m'chigawo cha Chiang Mai, anapezeka ataphedwa mu Juni 2005. Sanali a chipani chilichonse, koma anali ndi mbali: mbali ya nkhalango ndi ya anthu odya za m'nkhalangomo. Kukana chipani ndi chinthu china, kuopa akuluakulu ndi chinthu chinanso.

Ndiponso Abuda si angelo. Ku Myanmar, mmonke wotchedwa Wirathu anagwiritsa ntchito mkanjo womwewo kufesa chidani pa Asilamu, ndipo mu 2017 Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh asilikali akuwotcha midzi yawo. Nsalu yopatulika ikagwa m'manja mwa andale imaluma kuposa nsalu wamba. Zimenezi ifenso tikuzidziwa. Taona maguwa akusanduka nsanja za kampeni.

Mwa amonke onse amene ndawerenga nkhani zawo, amene ndikanakonda alangizi athu a zankhalango atamudziwa ndi Phrakhru Pitak Nanthakhun wa m'chigawo cha Nan. Kwawoko mapiri ankatha chifukwa alimi ankalima chimanga chogulitsa, atatenga mbewu ndi feteleza pangongole, ndipo ngongole ikakula ankakwera phiri kukaswa mphanje ina. Alimi a fodya wa pa kontirakiti, kodi nkhaniyi ikumveka yachilendo? Iye poyamba ankangolalikira, anthu n'kumavomera ndi mutu, m'mawa mwake nkhwangwa n'kumalira. Ndiye anasintha njira. Asanadzoze mtengo, mu 1990 ndi 1991, anayamba wakhala pansi ndi midzi yozungulira kwa nthawi yaitali, mpaka anthu eni ake anagwirizana malire a nkhalango, malamulo ake, ndi chindapusa cha wophwanya. Pa mwambo umene anthu amabweretsa mphatso kwa amonke, iye anapempha kuti abweretse mbande za mitengo. Atsogoleri a midzi anamwa madzi odalitsidwa pamaso pa anthu onse, kulumbira kuti asunga pangano. Kenaka anapitiriza kuthandiza alimi kulima mbewu zosiyanasiyana zodya okha kuti achoke m'ngongole, ndiponso anapatula zigawo za mtsinje zoti nsomba ziziswana osaphedwa. Mkanjo unabwera pomaliza, ngati chidindo pa kalata yolembedwa kale. Ankadziwa kuti nsalu siphika nsima. Munthu amene ana ake agona ndi njala masiku awiri adzadula mtengo, kaya wavala mkanjo kaya wavala suti.

Tsopano tibwerere kwathu, pakuti yankho la funso langa lija likuoneka ndi maso. Imani pa chitunda chilichonse m'Dowa kapena mu Ntchisi m'mwezi wa Okutobala, dziko lili mbuu. Mudzaona timagulu ta mitengo yobiriwira, apa kamodzi, uko kamodzi, pakati pa minda yopanda kanthu. Simufunika kufunsa. Ndi manda. M'menemo mudakali muwanga, mombo, msuku, mitengo imene mwana wa Fomu 1 sanaionepo kwina kulikonse. Mulibe mlonda wolipidwa, mulibe waya, mulibe chikwangwani cha bungwe lothandiza. Mayi amayenda mtunda wa maola awiri kukafuna nkhuni, n'kudutsa pambali pa nthambi youma ya kumanda osaitola. Boma lasintha kangapo kuchokera 1994, koma palibe anati tsopano kwabwera ufulu, tiyeni tikagwetse kumanda. Wa tambala ndi wa chimanga onse ali ndi amayi awo m'menemo.

Yerekezani ndi Dzalanyama, kumene mu 2015 boma linatumiza asilikali kukateteza gwero la madzi a mzinda wa Lilongwe. Asilikali akakhalapo mauvuni ankachepa, madandaulo a nkhanza n'kumamveka, ndipo ndalama zowasungira kumeneko zinali zambiri. Msilikali amatopa, amasinthidwa, amafuna alawansi. Mizimu siifuna alawansi.

Choncho kudzoza mitengo tinayamba kale ife, Phrakhru Manas asanabadwe. Kusiyana kwake n'kwakuti amonke aja anatenga ulemu umene unali m'kachisi n'kuutulutsa, kuupititsa kumene kunali ngozi. Ife ulemu wathu tinausiya kumanda. Ukathera pa mtengo womaliza wa msitu, ndipo khasu limayambira pomwepo.

Kodi tingautulutse? Pali zopinga ziwiri zimene ndikuziona, ndipo zonse n'zovuta.

Choyamba ndi mpanda wa pakati pa mpingo ndi gule. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, kenaka ku Kongwe, mbali ziwirizi zakhala zikuyang'anizana ndi diso lofiira. Msitu wa kumanda ndi umenenso umasunga dambwe, ndiye mkulu wa mpingo akamva kuti titengere chitsanzo kumeneko amayamba kusuntha pampando. Nawo a kudambwe akamva kuti abusa akubwera kudzapempherera phiri amaganiza kuti akufuna kuwalanda malo. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, koma zimenezo sizinagwetse mpandawo m'midzi mwathu. Komabe pa maliro timakumana. Adzukulu amakumba manda a mkhristu, amayi a chigwirizano amaphikira anamfedwa osapemphera, ndipo shehe akadutsa amakhala pansi n'kupepesa. Ngati tingathe kugwirizana poika munthu m'nthaka, sindikuona chotiletsa kugwirizana pa kasupe amene tonse timamwa. Aliyense abwere ndi pemphero lake, kapena nsembe yake, pa nthawi yake. Chofunika n'chakuti mwana woonerera aone kuti akuluakulu onse amene iye amawaopa aima pamalo amodzi n'kunena chinthu chimodzi.

Chopinga chachiwiri n'chachikulu: mafumu. Mphamvu ya manda imachokera kwa nyakwawa, amene akalamula mbuzi ya chindapusa palibe wokana. Koma mafumu athu ambiri akokedwera m'ndale. Amakwezedwa chaka cha chisankho, amaitanidwa kukayankhula pa wailesi, amapatsidwa mpando wakutsogolo pa msonkhano wa chipani cholamula. Sindikunyoza, pakuti ndikudziwa kuti kukana kuitana kwa boma si chinthu chapafupi kwa gogo chalo. Koma mfumu imene dzulo inavina pa nsanja ya chipani, lero ikaletsa kudula mitengo ku phiri, theka la mudzi limamva mawu a chipani, osati a mfumu. Ngakhale ku Thailand zotere zinachitika mwa njira yakeyake. Mu 1996, pokondwerera zaka 50 za ufumu wa Bhumibol, kunayambika ntchito yodzoza mitengo 50 miliyoni, ndipo pambuyo pake maofesi a boma ndi makampani anayamba kuchititsa miyambo yawoyawo. Ofufuza ena amati pamenepo mwambowo unayamba kuchepa mano, chifukwa amene unkawadzudzula aja ndiwo anayamba kugula mikanjo.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Mudzi uliwonse umene uli ndi kasupe kapena mutu wa mtsinje usankhe malo amodzi, ngakhale ekala imodzi. Si pofunika kugula mbande; zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphukira zokha mukangoletsa moto, mbuzi ndi chikwanje, ndipo pakatha zaka zisanu mumayamba kudulira nthambi zophikira. Malamulo apangidwe pabwalo, amayi otola nkhuni ndi anyamata ootcha makala ali pomwepo, ndipo ayankhule mpaka amalize. Pagwirizanidwe za amene aziika ming'oma ya njuchi, amene azizula bowa, ndi tsiku lotola nkhuni zouma, kuti wotaya phindu la makala aone pomwe apezere lina. Tsiku lopatula malowo likhale kutali ndi kampeni. Phungu ndi khansala aitanidwe, koma abwere monga amabwerera mwana wa m'mudzi pa maliro a kwawo: akhale pansi, apereke chipepeso chawo kwa mfumu, asagwire chimkuzamawu, ndipo nsalu za chipani zitsale kunyumba. Ndikudziwa kuti masiku ano ngakhale pamaliro ena amalephera kudziletsa. Apo mfumu ilimbe mtima.

Nsalu yomanga pa mtengowo, ngati ikufunika n'komwe, ndingasankhe yoyera, yonga imene timakulungira wotisiya. Ndi yokhayo imene palibe chipani chinaitenga.

Chatsala ndi funso limene ine mphunzitsi wa sukulu sindingaliyankhe, chifukwa si la m'kalasi. Inu a nyakwawa, a gulupu, atsabwalo ndi akuluakulu a kudambwe a kwa Chiwere, kwa Kayembe, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo: kodi mwambo umalola kuti lamulo loteteza msitu wa kumanda liikidwe pa malo amene sipanagone munthu? Ngati umalola, amachita bwanji, ndipo woyenera kutsogolera ndani? Lembani kudzera kwa mkonzi, mayankho anu tidzawasindikiza pa tsamba lomwe lino mvula isanayambe.